Za Mitengo Yotchinga Maso a Anansi mu Mzinda wa Johannesburg

Munthu amene waima pamwamba pa chitunda cha Northcliff kapena pa Melville Koppies m'mwezi wa Januwale, naponya maso ake kumpoto, angayese kuti mzinda wa Johannesburg udamangidwa m'kati mwa nkhalango imene Mlengi adaibzala yekha pachiyambi. Koma pamene golide adapezeka ku Langlaagte m'chaka cha 1886, dera lonselo lidali dambo lalikulu la udzu, lokhala ndi timitengo tochepa m'mphepete mwa mitsinje ndi m'ming'alu ya matanthwe. Nkhalango imene tikuiona lero, imene akulu a mzindawo amati ili ndi mitengo pafupifupi 10 miliyoni, idabzalidwa ndi manja a anthu, kuyambira pa munda waukulu wa Sachsenwald umene Eduard Lippert adaubzala m'zaka za m'ma 1890 kuti migodi ipeze mizati yochirikizira njira zake za pansi pa nthaka, pamalo pamene lero pali Saxonwold ndi malo osungira nyama, kufikira pa mitengo ya jakaranda imene idachokera ku South America. Mwa manja amene akhala akukumba maenje ndi kuthirira mbande m'mabwalo a ku Joni, ambiri ndi a abale athu a ku Malawi, amene agogo awo adapita ndi Wenela kukalowa m'migodi, ndipo iwo lero amasamalira minda ya maluwa ku Houghton, ku Bryanston ndi ku Randburg. Chifukwa chake funso la mtengo woyenera kutchinga nawo pakhomo silili la eni nyumba okha, pakuti amene amaubzala, kuudulira, ndi kudzudzulidwa ukafa, kawirikawiri amakhala mwana wa ku Mzimba, ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi.

Kufuna kubisika sikudayambe ndi azungu. Kwathu mayi salola kusamba pabwalo popanda bafa la udzu, ndipo m'midzi yambiri mpanda wa nkhadze udakhala ukuteteza khomo kwa mbuzi ndi kwa maso a odutsa kuyambira kale lomwe. Chimene chasintha ku Johannesburg n'chakuti mapuloti akuluakulu akale adagawidwa, ndipo pamene padali nyumba imodzi yapansi pamangidwa nyumba zosanja zambiri zothithikana, kotero kuti khoma la njerwa, ngakhale litalike bwanji ndi kuvekedwa waya wamagetsi pamwamba, silingaletse mnansi amene waima pazenera la chipinda chake cham'mwamba kuona zonse zochitika pakhonde la mnzake. Khoma lili ndi malire ake, a lamulo la zomangamanga ndi a thumba la mwini. Mtengo wokha ndiwo ungakwere kufikira pamene diso la mnansi lili, ndipo uyenera kukhala wosayoyola masamba, popeza mtengo wovula m'nyengo yozizira umasiya banja pambalambanda miyezi itatu kapena inayi chaka chilichonse.

Choyamba chimene wosankha ayenera kuopa ndicho chisanu, ndipo apa ndi pamene alendo ochokera kumaiko otentha amapunthwa. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamwamba kuposa ngakhale tauni ya Dedza imene ife timaiyesa yozizira koopsa, ndipo uli kutali ndithu kummwera, kotero kuti m'miyezi ya Juni ndi Julaye madzi amaundana usiku ndipo udzu umadzuka utayera mbuu. Chipale chofewa chidagwa m'mwezi wa Ogasiti 2012 ndiponso m'mwezi wa Julaye 2023. Chisanucho sichigwa mofanana ponseponse, pakuti mpweya wozizira ndi wolemera ndipo umatsikira m'zigwa usiku, mwakuti nyumba ya m'mphepete mwa Jukskei, Braamfontein Spruit kapena Klip River imapsa mitengo pamene nyumba ya pachitunda cha Linksfield, mtunda waufupi chabe, siona kanthu. Mtengo umene ukukondwa ku Durban kapena ku Nelspruit, ngakhale wogulitsa aulumbirire kuti ndi wa m'dziko momwemo, ungathe kufa usiku umodzi ku Fourways. Ndipo wanzeru, asanapite ku nazale, amayamba wayenda mumsewu wa kwawo kumapeto kwa Julaye, naona mitengo imene yaima yobiriwira ndi imene yasanduka yofiira ngati yawauka ndi moto.

Chachiwiri ndi madzi. Mvula ya kumeneko, imene imafika mamilimita pafupifupi 700 pachaka, imagwa kuyambira Okutobala mpaka Epulo, kawirikawiri masana ndi ziphaliwali ndi matalala, ndipo nyengo yozizira yonse imakhala youma. Madzi a m'mipopi amachokera kutali, ku damu la Vaal kudzera mwa bungwe la Rand Water, ndipo ena amatsika kuchokera kumapiri a Lesotho; m'chaka cha 2016, chilala chitavuta, mzinda udaika malamulo okhwima a kagwiritsidwe ntchito ka madzi, ndipo ngakhale m'zaka zabwino kuthirira minda masana m'nyengo yotentha kumaletsedwa. Mpanda wa mitengo yaludzu umakhala ngongole imene mwini adzalipira mwezi uliwonse kufikira tsiku limene adzatopa nayo.

Tsono tifike pa tchimo lalikulu la nkhani yonseyi, limene ndilo changu. Munthu amene wadzuka napeza kuti kuseri kwa khoma lake kwamangidwa nyumba yosanja safuna kumva za zaka zisanu. Amafuna mtengo umene udzamubise Khirisimasi isanafike, ndipo wogulitsa, podziwa kufooka kwa mtima umenewo, amamuonetsa mtengo wokula msanga. Koma mtengo wokula msanga suleka kukula pamene wafika pa msinkhu umene mwini adaufuna. Chitsanzo chodziwika pa dziko lonse ndi mkungudza wotchedwa Leyland, umene udabadwa mwangozi ku Leighton Hall m'dziko la Wales m'chaka cha 1888, pamene mitundu iwiri ya mikungudza ya ku America idakwatirana m'munda umodzi; umakula pafupifupi mita imodzi pachaka ndipo ukasiyidwa umapitirira mamita 20, ndipo ku England udadanitsa anansi ochuluka chotere kuti m'chaka cha 2003 nyumba ya malamulo idapatsa makhonsolo mphamvu yoweruza madandaulo a mipanda yosayoyola yopitirira mamita awiri. Ulinso ndi chilema china chimene osamalira minda amachidziwa bwino: ukaudula mozama kufikira pa nthambi zakale zouma, suphukanso, ndipo bala limenelo limakhala poonekera mpaka mtengowo utagwetsedwa. Akulu adati mfulumira adadya gaga, ndipo m'mabwalo ambiri a ku Sandton muli mizere ya mikungudza yobiriwira pamwamba ndi yadazi pansi, imene ikubisa mitambo koma yosabisa khonde.

Za mikungudza Amalawi tili ndi phunziro lathulathu. M'chaka cha 1986 ku Malawi kudaoneka nsabwe za mikungudza zotchedwa Cinara, zimene zidafalikira kumaiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, ndi kuumitsa mipanda ndi minda ya mikungudza yochokera ku Mexico, osasiya ngakhale mkungudza wathu wolemekezeka wa pa phiri la Mulanje. Nsabwe za mtundu umenewu zimavutitsanso mikungudza ya ku Johannesburg m'miyezi yozizira, ndipo chifukwa zimabisala m'kati pafupi ndi thunthu, mwini amazizindikira nthambi zitafiira kale. Choipa chatsopano, ndiponso choopsa koposa, ndi kachilombo kakang'ono koboola mitengo kochokera kummwera cha kum'mawa kwa Asia, kamene kadapezeka ku Pietermaritzburg m'chaka cha 2017 ndi ku Johannesburg chaka chotsatira. Kamakumba tinjira m'thunthu ndi kubzalamo kabowa kotchedwa Fusarium, kamene kamatseka misempha yokweza madzi, ndipo kapha mitengo yambiri ya oak, ya maple ndi ina m'misewu yakale ya kumpoto kwa mzinda. Phunziro la miliri iwiriyi ndi limodzi, ndipo ine ndimaliyesa lalikulu kuposa dzina la mtengo uliwonse umene ndingautchule: mzere wa mitengo makumi awiri ya mtundu umodzi, ngakhale ukondweretse maso a okonda dongosolo, umadwala tsiku limodzi ndi kufa chaka chimodzi, pamene mpanda wa mitundu itatu kapena inayi yosakanikirana ungataye umodzi nukhalabe wotchinga.

Palinso mitengo imene lamulo lidaikana. Pansi pa lamulo la dziko la South Africa loteteza zachilengedwe la chaka cha 2004, boma lidatulutsa m'chaka cha 2014 mndandanda wa zomera zachilendo zolanda malo, ndipo pa mndandandawo pali ina mwa mitengo imene mibadwo yakale ya ku Johannesburg idaikonda koposa pa mipanda: privet, pyracantha ndi cotoneaster. Yonseyi ndi yosayoyola, yopirira chisanu, yomvera lumo, ndipo ina imavala zipatso zofiira zokongola m'nyengo yozizira. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, pakuti mbalame zimadya zipatsozo ndi kukafesa njere zake m'zitunda ndi m'mitsinje, kumene zimamera mothithikana ndi kupha zomera za m'dzikomo. Wosamalira munda amene wapatsidwa mbande ya privet ndi mnzake wa nyumba yoyandikana achite bwino kuuza bwana wake poyera kuti mtengowo ndi woletsedwa, ngakhale uli waulere.

Nanga yabwino ndi iti? Pa mitengo ya m'dzikomo, umene ndimauika patsogolo pa puloti ya msinkhu wapakati ndi Buddleja saligna, umene Angerezi amautcha false olive. Umakula msanga ndithu koma osapitirira muyeso, umapirira chisanu ndi chilala, mizu yake sivuta makoma, umalola kudulidwa kukhala mpanda, ndipo m'nyengo yotentha umachita maluwa oyera onunkhira ngati uchi, oitana njuchi ndi agulugufe. Pambali pake ndingaike karee, Searsia lancea, mtengo wa m'mphepete mwa mitsinje ya kumtunda kumeneko, umene chisanu cha deralo sichiuopsa konse; chilema chake n'chakuti umakonda kutambasula nthambi ndi kupendama, motero umafuna malo ndi dzanja lowongola ukadali waung'ono, ndiponso mtengo waukazi umagwetsa tizipatso tambiri, chimene mwini dziwe losambiramo sadzachikonda. Azitona wa kuthengo, umene Asotho amautcha mohlware ndipo Azulu umnqumo, ndiye mfumu ya yonse pa kulimba ndi pa ulemu wa maonekedwe, wa masamba othithikana obiriwira motuwira. Koma amakula pang'onopang'ono, ndipo mizu yake ikakhwima imatha kusokoneza khoma ndi simenti ya pabwalo, motero ndi mtengo wa munthu wa puloti yotakata amene akuganizira adzukulu ake. Dodonaea, imene amaitcha sand olive, ndi chitsamba chachikulu cha mamita atatu kufikira asanu, chokula mofulumira ndi chosadandaula nthaka yoipa, ngakhale sichikhala zaka zambiri; ntchito yake yabwino ndiyo kuima pakati pa mitengo yochedwa, kutchinga pakhomo zaka zoyamba, kenaka kudulidwa pamene eni malo akula. Njira imeneyi, yophatikiza wothamanga ndi wodekha mumzere umodzi, ndiyo yankho loona kwa munthu wosatha kudikira, koma imafuna mtima wolimba wodzagwetsa mtengo wamoyo nthawi yake ikakwana, ndipo ambiri amalephera pamenepo.

Mitengo ya yellowwood imayenera mawu akeake. Podocarpus latifolius ndiwo mtengo wa fuko la South Africa, ndipo Podocarpus henkelii, wa masamba aatali olendewera ndi onyezimira, ndi umodzi mwa mitengo yokongola koposa imene ingamere m'bwalo la ku Johannesburg, wovala masamba kuyambira pansi mpaka kunsonga ngati suduliridwa. Koma imeneyi ndi ana a nkhalango za mvula, ofuna nthaka yakuya, madzi, ndi chofunda m'nyengo zozizira zoyamba. Mbale wawo Afrocarpus falcatus amakula msanga kuposa iwo, ndipo pachifukwa chimenecho amagulidwa kwambiri; wogula akadaona kaye mtengo waukulu wa mtundu womwewo ku nkhalango ya Tsitsikamma, umene udapitirira mamita 30, akadaganiza kawiri asanaubzale pambali pa khitchini. Dziwaninso kuti mitengo imeneyi ndi yotetezedwa ndi lamulo la nkhalango la chaka cha 1998, motero kuigwetsa si nkhani ya kungotenga nkhwangwa. Kwa amene akufuna mpanda woletsa mapazi pamodzi ndi maso pali Kei apple, Dovyalis caffra, wa minga yaitali ndi zipatso zachikasu zowawasa zimene amaphika jamu. Pa mitengo yachilendo yosaletsedwa, viburnum wa masamba aakulu onyezimira ndiye wadzaza m'mabwalo a nyumba zatsopano, ndipo sindimunyoza, pakuti amatchinga bwino pamalo opapatiza. Koma amamwa madzi ambiri ndipo amafuna lumo kangapo pachaka. Za nsungwi ndingoti mtundu woyenda pansi pa nthaka sudziwa malire a puloti, ndipo umakatulukira m'kapinga wa mnansi. Mikuyu yamitundumitundu ndi bulugamu zisayandikire nyumba konse, popeza mizu yake imafunafuna mapaipi a zonyansa ndi kuwang'amba.

Amene akufuna kuona mitengo imeneyi itakula, m'malo mongoiona m'matumba akuda a ku nazale, apite ku munda wa Walter Sisulu ku Roodepoort kapena ku munda wa mzinda ku Emmarentia, ndipo akaime pansi pake ndi kuyesa ndi mapazi kutambasuka kwa nthambi zake.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachiganizira mpaka nyumba itazizira, ndicho dzuwa. Ku Johannesburg, monganso kwathu, dzuwa la m'nyengo yozizira limayenda chakumpoto, koma kumeneko limatsika kwambiri, kotero kuti pakati pa Juni, ngakhale masana enieni, mthunzi umatalika kuposa mtengo wake: mtengo wa mamita 10 umaponya mthunzi wa mamita pafupifupi 12 chakummwera. Nyumba za kumeneko zimamangidwa zoyang'ana kumpoto kuti ziwothe dzuwa limenelo, ndipo chiyambire kuthimathima kwa magetsi a Eskom madenga ambiri adasenza masola. Mzere wa mitengo yosayoyola kumpoto kwa nyumba umalanda zonsezi, ndipo ukakhala kummwera kwa puloti yanu, dziwani kuti uli kumpoto kwa puloti ya mnzanu. Walira mvula walira matope. Wofuna mthunzi wobisala alandirenso chisanu cha m'chipinda. Kumbali ya kumpoto n'kwanzeru kubzala mpanda waufupi, ndi kuika pamwamba pake mtengo woyoyola monga Celtis africana, umene umapereka mthunzi m'chilimwe ndi kutsegulira dzuwa njira m'nyengo yozizira. Ndiponso sikofunika nthawi zonse kuzinga puloti yonse. Munthu akhale pampando pamalo pamene amakonda kukhala, mnzake aimike nsungwi yaitali pakati pa iye ndi zenera limene likumuvuta, nayende nayo uku ndi uku. Adzapeza kuti mtengo umodzi kapena iwiri, yobzalidwa pafupi ndi khonde, imabisa zimene mzere wautali wa kumalire sukadabisa usanafike zaka khumi, popeza chotchinga chikayandikira kwa wobisala sichifunika kutalika.

Pa za anansi, lamulo la dzikolo limayembekeza kuti aliyense apirire zovuta zazing'ono monga masamba ogwa, koma nthambi zolowa kwa mnzako ndi mizu yogumula khoma lake zimatha kufika kubwalo la milandu, ndipo kumeneko ndalama zimatha kuposa mtengo wa khomalo. M'nyumba za m'mipanda yogawana, komiti ya eni nyumba ili ndi malamulo ake a zimene zingabzalidwe. Ndipo mitengo ya m'mbali mwa msewu ndi ya bungwe la Johannesburg City Parks and Zoo, yosayenera kudulidwa popanda chilolezo, ngakhale ili pakhomo panu penipeni. Waya wamagetsi nawo uli ndi mawu ake, pakuti nthambi ikaukhudza usiku wa mvula belu limalira ndipo alonda amafika ndi mfuti chifukwa cha tsamba. Pakhale mpata pakati pa mpanda ndi khoma woti munthu angadutsemo ndi makwerero.

Kubzala kwenikweni n'kosavuta, ndipo ndikudutsamo mwachidule. Nyengo yake ndi kuyambira Seputembala, chisanu chitatha, kuti mbande ikhale ndi mvula ya chilimwe chonse isanakumane ndi Juni woyamba. Dzenje likhale lotakata kuposa thumba kawiri, la ngodya zinayi kuti mizu isazungulire, losakanizidwa ndi manyowa owola bwino. Mbande isakwiriridwe mozama kuposa mmene idaliri m'thumba, ndipo pamwamba paikidwe udzu wouma kapena makungwa. Zitsamba za mpanda zitalikirane mita imodzi kapena imodzi ndi theka, mitengo mamita awiri kapena atatu, ndipo thunthu la mtengo lisayandikire khoma kuposa mamita awiri. Pa nthaka ya makande, imene imatupa ndi kuuma, mtunda umenewu uwonjezeke, ndipo kumadera a kummwera ndi kumadzulo kumene pansi pali mwala wa dolomite, wosungunuka ndi madzi, kuthirira kosefukira pafupi ndi maziko kupewedwe. Mtengo wa m'thumba la malita 20 umapeza mnzake wa m'thumba la malita 100 m'zaka zochepa, chifukwa mizu yake sidapindike, ndipo umagulidwa ndi ndalama zochepa kwambiri. Mpanda uyambe kuduliridwa nsonga ukadali waufupi kuti uchite nthambi pansi, ndipo usemedwe wotakata kumunsi ndi wopapatiza kumwamba kuti dzuwa lifike masamba apansi. Kuwongola mtengo m'poyamba.

Sindingatseke maso pa chakuti nkhani yonseyi ndi ya mbali imodzi ya mzinda. Woyang'ana kuchokera m'ndege amaona Sandton wobiriwira ndi Alexandra wotuwa atagundana, msewu waukulu wa M1 ndi mafakitale ochepa zokha zili pakati pawo, pakuti boma la tsankho lidabzala mitengo kumene kudali azungu. Ndipo ngakhale mzinda udayamba m'chaka cha 2006 ntchito yobzala mitengo 200,000 ku Soweto pokonzekera mpira wa dziko lonse wa 2010, kusiyanako kudakalipo. Abale athu ambiri, amene masana amasema mipanda ya viburnum ku Bryanston, usiku amagona m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya wina ku Rosettenville, ku Cosmo City kapena ku Diepsloot, kumene mabanja angapo amagawana mpopi umodzi ndipo kubisika kumafunika koposa. Pamalo otere palibe pokumba dzenje la karee, ndipo mwini nyumba sangalole. Chotheka ndicho zidebe zazikulu kapena migolo yodula pakati, yoboola pansi, yobzalamo Dodonaea kapena Freylinia, zimene zimapirira kukhala m'chidebe, kapena waya womangidwa pamitengo iwiri woyangapo jasmine wosayoyola. Zimenezi zimamwa madzi otsukira ndiwo, zimafuna kukokeredwa pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto m'miyezi ya chisanu, ndipo tsiku losamuka zimakwera pa galimoto pamodzi ndi bedi ndi mbaula.